Amayi Busa ndi Kakalata Kopanda Dzina

Anthu a mu mpingo uja ankati amayi busa ndi odala. Ankanena zimenezi pageti, pamabenchi, ngakhale pamaliro, ndipo amayiwo ankangomwetulira, poti kumwetulirako kunali mbali ya ntchito yawo. Kunena chilungamo, abusa anali munthu wolongosoka. Pa zaka 27 za utumiki palibe amene anawamvapo kafungo ka mowa, palibe mtsikana wa kwaya amene anasamutsidwa mwakachetechete chifukwa cha iwo, ndipo mbale ya chopereka sankaikhudza n'komwe. Azibusa anzawo angapo anagwa chagada, ena ndi akazi, ena ndi mbale ija, koma iwo anangoima nji. Ndiye munthu ukayamba kudandaula za mwamuna wotere, angakumvere ndani? Ungangooneka wosayamika.

Asanatchedwe amayi busa anali telala. Anali ndi makina opalasa ndi phazi pakhonde la sitolo ina ya nsalu, ndipo ankatchuka ndi kusoka makolala a malaya. Tsiku lina panabwera mnyamata wowonda wa kusukulu ya ubusa, atanyamula buluku long'ambika pabondo. Anati lang'ambika ndi kugwada popemphera. Telala uja anaseka mpaka kudzibaya ndi singano. Mnyamatayo anabweranso ndi malaya othothoka batani, ndipo ulendo wachitatu anabwera chimanjamanja n'kukhala pabenchi mpaka sitolo inatsekedwa. Masiku amenewo ankadziwa kumvetsera. Ukamalankhula ankakuyang'ana m'maso, osacheuka ngakhale kunja kutagwa chinthu.

Atakwatirana makina aja analowa kuchipinda, anawafunditsa nsalu, ndipo telala anapeza ntchito ina. Abusa pakamwa anali katswiri, koma kalembedwe kawo kanali kochititsa manyazi, moti eni akewo ankalephera kuwerenga zimene alemba dzulo lake. Ndiye Loweruka lililonse masana amayi ankakhala patebulo la kukhitchini n'kumakopera ulaliki wonse m'kope, ndi zilembo zazikulu zobulungira, kuti abusa asamadodome paguwa. Makope amenewo anadzaza katoni, ndipo katoniyo inakwera pamwamba pa wadilobu tsiku limene mpingo unagula kompyuta. Koma izi musaziiwale: maso a abusa anayenda pa zilembo za akazi awo Lamlungu lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Nyumba ya mpingo inali kuseri kwa tchalitchi, ndipo chitseko chake chinali cha dzina chabe. Amene wakangana ndi mkazi wake, amene mwana wake wagwidwa ndi apolisi, amene walota akugwa m'chitsime, ankangogogoda kamodzi n'kulowa. Pabalaza panali mipando khumi ndi iwiri, m'kabati munali makapu osawerengeka, ndipo ketulo sinkazizira. Amayi ankadziwa pamtima anthu onse a mu mpingo amene samwa shuga. Ana awo awiri anakulira m'menemo akuyenda monyang'ama chifukwa adadi ali ndi alendo. Woyamba anabadwa abusa ali kuchitsitsimutso. Wachiwiri atabadwa abusa anafika ndithu, koma anayamba kaye kupempherera wodi yonse bedi ndi bedi, ndipo pomwe ankafika pa mwana wawo belu lotulutsa alendo linali litalira. Anawo atakula anachoka osacheuka. Wamwamuna anapita kutali, foni yake imachita kusowa, ndipo wamkazi anakwatiwa ndi makaniko, atalumbira kuti mbusa ngakhale abwere pandege sangamulole.

M'nyumba imeneyi munali mawu amodzi amene ankagwira ntchito kuposa tsache. Mawuwo anali akuti, "Tikambirana." Denga likamadontha, tikambirana. Mwana akasiya kudya, tikambirana. Abusa sankawanena mwamwano ayi. Ankawanena mokoma, dzanja lina litagwira phewa la amayi, lina likufufuza foni m'thumba. Anali ndi mafoni awiri, ndipo onse ankayimba nyimbo yauzimu. Amayi anafika poida nyimbo imeneyo, moti kwaya ikaiyamba m'tchalitchi ankangotsegula pakamwa osatulutsa mawu.

Kachotupa anakapeza m'mawa wina akusamba, kubere la kumanzere, kolimba ngati kabatani ka malaya. Anakasiya miyezi iwiri poganiza kuti kachoka kokha. Sikanachoke, kanakula. Anapita kuchipatala okha, atauza abusa kuti akupita kumsika, ndipo abusa anawatuma kuti akagulekonso polishi wa nsapato. Kuchipatalako anawadula kanyama kokayeza. Dokotala wake anali mayi wamfupi wosakonda kuzungulira nkhani.

"Mubwere Lachinayi la sabata yamawa, teni koloko," anatero. "Mubwere ndi bambo a kunyumba. Zotsatira zotere sitikonda kumuuza munthu ali yekha."

Amayi anatuluka ali ndi mantha. Sankaopa mpeni, ngakhale imfa sankaiopa kwenikweni, poti anali ataiona m'nyumba zambiri. Chimene ankaopa n'kukhala okha pampando uja dokotala akutsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo ankafuna chinthu chimene munthu wina aliyense mu mpingo ankachipeza mosavuta. Ankafuna abusa akhale pambali pawo kwa ola limodzi.

Anayesa katatu. Koyamba kunali pa tiyi wa m'mawa. Anangoti, "Bambo, pali nkhani," foni n'kulira, ndipo kunali maliro. Kachiwiri kunali pa chakudya chamadzulo, mbale zili patebulo, ndipo asanamalize chiganizo akulu a mpingo atatu anagogoda, atabwera ndi mkangano wa amene azitsogolera kwaya. Amayi anadzuka n'kukatereka ketulo. Kachitatu kunali Lachisanu, akusita malaya, abusa ali pakompyuta kukonza phunziro limene anapemphedwa kukapereka kumsonkhano wa azibusa. Mutu wake unali wakuti, Kukhulupirika pa Utumiki ndi pa Banja.

"Bambo, tandimverani pang'ono. Ndinapita kuchipatala."

"Mwachita bwino, mayi," anatero abusa maso ali pakompyuta. "Munakaona ndani? Agogo aja odwala m'chiuno? Nanenso ndiyenera kukawaona. Koma tandikumbutsani, kodi ukwati wathu uja unali mwezi wanji? Ndikufuna nditchulemo."

Amayi anawauza mweziwo. Abusa analemba, n'kuthokoza.

"Zinazo tikambirana, mayi. Panopa mutu wadzaza."

Pakhomo la tchalitchi, mkati chakumanja, panali bokosi lamatabwa lopaka utoto wobiriwira, lokhala ndi kachibowo pamwamba ndi loko pambali. Abusa ndi amene analiyambitsa, ndipo ankalinyadira kwambiri. Aliyense amene ali ndi vuto lochititsa manyazi kulinena ankalemba pakapepala n'kuponyamo, osalemba dzina. Lamlungu, ulaliki usanayambe, abusa ankawerenga tizikalata tonse mokweza, kamodzikamodzi, n'kupempherera kalikonse. Sanadumphepo ngakhale kamodzi. Kunja kukatentha bwanji, anthu akamayasamula bwanji, kakalata ka m'bokosi kankamvedwa mpaka kumapeto.

Kiyi wa bokosilo ankasunga mayi wina wamasiye amene ankasesa m'tchalitchi. Anthu ankangowatcha a Makiyi, chifukwa makiyi onse a pamalopo ankalendewera pachingwe m'chiuno mwawo, ndipo ankamveka akubwera asanaoneke. Anali a pakamwa polasa. Akulu a mpingo ankawaopa kuposa mmene ankaopera abusa.

Loweruka masana amayi busa anakwera pampando, anatsitsa katoni ija, n'kung'amba tsamba lopanda kanthu kumapeto kwa kope lina lakale. Anakhala patebulo la kukhitchini lomwe lija. Sanayese kusintha kalembedwe. Analemba ndi zilembo zawo zazikulu zobulungira, mosafulumira, ngati kale. Kenako ananyamula nsalu yoyala paguwa imene anali ataichapa, analowa m'tchalitchi, n'kuponya kakalatako m'bokosi. Atatembenuka anapeza a Makiyi ataima ndi tsache pakati pa mabenchi, akuwayang'ana.

"Nanunso, mayi?" anatero a Makiyi. "Munthu mumagona nawo chipinda chimodzi?"

"Sesani, a Makiyi," anatero amayi busa.

A Makiyi anasesa, koma tsache lawo tsiku limenelo linkamenya miyendo ya mabenchi ngati yawalakwira.

Lamlungu amayi anakhala pamalo pawo, benchi loyamba chakumanzere, chipewa chili bwinobwino. Abusa anawerenga za mnyamata wofuna ntchito, za mayi amene mwana wake akusuta, za munthu wolota njoka. Kenako anafunyulula pepala la mizere, lofiirira m'mbali ndi ukalamba. Amayi analizindikira pomwepo.

"Abusa, mundipempherere," anawerenga. "Ndili ndi chotupa kubere, ndipo adokotala akufuna ndipite Lachinayi ndi amuna anga kukamva zotsatira. Ndayesa katatu kuwauza koma alibe nthawi. Si oledzera, sandimenya, sayenda ndi akazi ena. Amangotanganidwa ndi za anthu ena. Ndili ndi mantha."

Anawerenga osadodoma paliponse. Akanadodoma bwanji, zilembo zake zinali zozolowereka chotero? Amayi anadikira kuti mawu awo asweke, kuti maso awo atsike kuchoka papepala n'kufika pabenchi loyamba. Maso anatsikadi, koma anawadutsa pamwamba pa chipewa n'kukagwera kumbali ya azibambo. Nkhope ya abusa inada.

"Mwamuna ameneyu ali muno!" anabangula, akugwedeza kakalata m'mwamba. "Wavala tayi, wapaka polishi, waimba nafe nyimbo, koma mkazi wake akulira m'bokosi! Bambo iwe, ukuganiza kuti poti sumenya ndiye kuti ndiwe mwamuna wabwino? Palinso kumenya kopanda dzanja! Mkazi anasiya kwawo, anasiya zake zonse n'kukutsata iwe, lero akufuna ola limodzi lokha, iwe n'kumati ulibe nthawi? Manyazi akugwire!"

Azimayi anaombera m'manja. Azibambo anawerama, aliyense akuba maso kuyang'ana mnzake. Ulaliki unakoma tsiku limenelo, ndipo abusa, atatenthedwa ndi mawu awo omwe, analonjeza.

"Mayi amene walemba izi, tamvera. Ngati mwamuna wakoyo sapita, ndipita ndine. Lachinayi, eyiti koloko m'mawa, ubwere kuofesi kwanga. Ndikakhala pambali pako mpaka dokotala amalize kulankhula."

Mkazi wa msungichuma, amene ankakhala pafupi ndi amayi busa, anawagunda ndi chigongono, misozi ili lengelenge.

"Koma mayi, inu ndinu odala," ananong'ona.

Amayi anamwetulira. Zinawapweteka kwambiri, koma munthu ndi wodabwitsa, chifukwa pansi pa ululuwo panameranso kachiyembekezo. Mwina anazindikira, ankadziuza choncho. Mwina sanafune kundichititsa manyazi pagulu. Mwina ukali wonse uja amadzikalipira okha. Ngakhale asanazindikire, alonjeza pamaso pa mpingo wonse, ndipo lonjezo la paguwa abusa sanaliphwanyepo. Lachiwiri pa chakudya abusa anaiyambanso okha nkhaniyo, akupukusa mutu, n'kunena kuti amuna ena ndi nyama zenizeni. Amayi anawayang'anitsitsa kufuna kuona ngati pali chobisika pankhope, koma anangoona munthu akutafuna.

Lachinayi anadzuka kukucha. Anasita malaya oyera a abusa ndi kolala yake, anapukuta nsapato ndi polishi uja. Abusa anamwa tiyi ataimirira n'kutuluka. Amayi anasamba, anavala diresi labuluu limene anadzisokera kalekale, anaika kabuku ka kuchipatala m'chikwama, ndipo eyiti koloko itakwana ndendende anagogoda paofesi ya amuna awo ngati mlendo.

Anawapeza akuyendayenda pakati pa desiki ndi windo, akuyang'ana wotchi. Pa desiki panali chikwama chawo chakuda ndi mapepala a phunziro lija. Apa m'pamene amayi anakumbukira kuti msonkhano wa azibusa unalinso Lachinayi lomwelo, naini koloko, kutsidya kwa tauni. Abusa polonjeza paguwa paja anali ataiwala.

"Mayi, mwabwera nthawi yolakwika," anatero abusa. "Ndikudikira munthu. Ngati ndi za kunyumba, tikambirana."

"Ndabwerera za kakalata kaja."

Abusa anaima. Nkhope yawo inawala.

"Mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa. Wabwera."

"Ali kuti?"

Ndipo anasuzumira. Anapendeketsa khosi kuyang'ana kuseri kwa phewa la akazi awo, pakhomo, pakhonde, kufunafuna munthu. Amayi anaima pamenepo ndi diresi lawo labuluu, chikwama atachigwira ndi manja awiri, ndipo maso a amuna awo anawalambalala ngati mmene munthu amalambalalira mpando umene waima panjira.

Mwina mukuti, bwanji sanangonena kuti ndine? Mawu ake ndi aafupi, ngakhale mwana angawanene. Anali pakamwa penipeni. Koma munthu amene wapempha katatu ndi pakamwa, kachinayi ndi cholembera, kachisanu ndi thupi lake lonse ataima pakhomo, amafika potopa. Anaona kuti akanena, abusa apita nawo ndithu, koma apita ngati mbusa amene wapeza nkhosa yodwala, ndipo nkhaniyo idzatuluka paguwa tsiku lina ngati chitsanzo chokoma.

"Akuchita manyazi eti?" anatero abusa, atatsitsa mawu. "N'zomveka. Nkhani za mabere n'zovuta kukamba ndi mwamuna. Musandiuze dzina lake, mayi, chinsinsi cha bokosi tichisunge." Anayang'ananso wotchi, ndipo amayi anaona ndi maso awo mmene ganizo linawafikira, mmene mapewa awo anatsikira ndi mpumulo. "Komatu Mulungu amakonza zinthu modabwitsa. Taonani, wakutumizani inu. Inu ndinu mzimayi mnzake, ndinu amayi busa. Mupite naye ndinu. Akamasuka bwino ndi inu kuposa ine. Mukakhale pambali pake, musakamusiye yekha."

"Sindimusiya," anatero amayi.

"Mwandithandiza kwabasi. Azibusa makumi asanu ndi limodzi akundidikira." Ananyamula chikwama ndi mapepala. Pakhomo anatembenuka, n'kuloza chala m'mwamba. "Koma mukamuuze mwamuna wakeyo kuti ndikumufuna. Ndikufuna ndilankhule naye maso ndi maso."

"Ndikamuuza."

Anawagwira phewa, mokoma monga mwa nthawi zonse, n'kutuluka mothamanga. Amayi anamva galimoto ikulira, geti likutsekuka. Anakhala pabenchi la odikira uphungu, pansi pa kalendala ya mpingo, ndipo sanalire.

Makiyi anamveka pakhonde. A Makiyi anali atamva zonse, poti ofesi ya abusa inali ndi windo losatsekeka bwino, ndipo iwo ankakonda kusesa pansi pake. Anatsamiritsa tsache pakhoma, anakhoma ofesi, anakhoma tchalitchi, anavula epuloni n'kuipinda.

"Tiyeni," anatero.

"Nanga ntchito?"

"Fumbi silithawa. Dzukani, basi itisiya."

M'basi anakhala mothinana, makiyi akubaya amayi busa m'nthiti. Kuchipatala anadikira pamzere wa mabenchi mpaka nambala yawo itaitanidwa. Dokotala wamfupi uja anayang'ana amayi, n'kuyang'ana mayi wachikulire wa chingwe cha makiyi.

"Bambo ali kuti?"

"Ali kuntchito," anatero amayi busa.

"Ali kophunzitsa anzawo kusamala akazi," anatero a Makiyi.

Dokotala sanafunsenso. Anatsegula faelo n'kunena zimene anayenera kunena. Inali khansa. Inali itayenda kale kufika kukhwapa. Bere liyenera kuchotsedwa mawa lomwe, poti bedi lapezeka, ndipo pambuyo pake padzakhala mankhwala a miyezi ingapo. Akanabwera pomwe anangokapeza kachotupako zikanaphweka. Ananenanso zina zambiri, za mwayi umene ulipo ndi umene palibe, koma amayi sanazimve bwino. Chimene anamva n'chikhatho cha a Makiyi, chokhakhala ndi tsache ndi sopo, chitagwira dzanja lawo mwamphamvu mpaka kupweteka. A Makiyi ndi amene anafunsa mafunso, ndipo ndi amene anasunga mayankho.

Kuwodi namwino anabwera ndi fomu. Anafunsa zaka, anafunsa mpingo, kenako anafunsa munthu wapafupi woti adziwitsidwe zinthu zikavuta. Amayi analoza a Makiyi.

"Alembeni awa."

A Makiyi anabwerera kukatenga zovala, sopo ndi beseni. Ponyamuka anafunsa ngati awauze abusa.

"Musawauze ndi pakamwa, samva," anatero amayi. "Pamwamba pa wadilobu pali katoni ya makope. Mutengepo limene lang'ambidwa tsamba kumapeto. Kakalata kaja muli nako?"

"Ndimasunga tonse."

"Mukaike ziwirizo padesiki pawo. Basi."

Abusa anafika nthawi yoonera odwala ya masana itatsala pang'ono kutha. Amayi anawamva asanawaone, chifukwa wodi yonse inkawadziwa. Kwa zaka makumi awiri sanaphonyepo tsiku lawo loyendera odwala, ndipo anamwino ankawakonda.

"Abusa athu!" anatero namwino wamkulu padesiki la pakhomo. "Lero si tsiku lanu bwanji? Mwabwerera ndani?"

Mawu a abusa anamveka otsika, osazolowereka. Anatchula bedi lachisanu ndi chimodzi.

"Oo, mayi a opaleshoni ya mawa aja. Ndi a mpingo wanu?"



"Ndi akazi anga."

Namwino anaseka, kuseka kwabwino kopanda choipa mumtima.

"Aa, abusa, kani muli ndi akazi? Zaka zonsezi ife kumaganiza kuti mumagona m'tchalitchi!"

Anabwera pang'onopang'ono pakati pa mabedi. Odwala ena anawaitana kuti awapempherere, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatembenuke. Pajekete pawo panali pakadali kariboni kofiira ka kumsonkhano, kolembedwa kuti Mphunzitsi Wamkulu. Anali ataiwala kukachotsa. M'dzanja anali ndi kope lakale ndi kakalata kaja. Anaima kumiyendo kwa bedi, pamene ankaima nthawi zonse akamaona odwala, kenako anazindikira, anasuntha n'kukhala pakampando kachitsulo. Ankaoneka wokalamba. Amayi anawamvera chisoni pang'ono, ndipo chisonicho chinawakwiyitsa.

"Phunziro linayenda bwino?" anafunsa.

"Mayi..."

"Anaombera m'manja?"

Abusa anayang'ana pansi. Foni ina inayamba nyimbo yake m'thumba. Anaitulutsa n'kuizimitsa, anatulutsa inzake n'kuizimitsanso, n'kuziika zonse pakabati ka pambali pa bedi, pafupi ndi beseni la a Makiyi. Zaka 27 amayi anadikira kuti aone zimenezi, ndipo zinabwera mochedwa ndi maola asanu ndi limodzi.

"Bwanji simunangondiuza?" anatero abusa.

"Munawerenga nokha, bambo. Mokweza. Simunadodome."

Munthu amene ankadziwa chonena pa maliro a khanda, pa ngozi ya basi, pa ukwati umene ukutha, anakhala pakampando kaja akutembenuza kope m'manja. Pomaliza anafunsa chinthu chimene chinatsala.

"Dokotala wati chiyani?"

"Anauza amene analipo," anatero amayi. "Mukawafunse a Makiyi. Ndi amene alembedwa pafomu."

Belu lotulutsa alendo linalira. Anthu anayamba kunyamula madengu ndi mafulasiki awo. Namwino wamkulu anakweza mawu kuchokera padesiki kuti abusa asadandaule, iwo atha kutsalako pang'ono monga mwa masiku onse. Amayi anakoka bulangete mpaka pachifuwa. Anali atatopa, ndipo mawa kunali mpeni. Koma panali ntchito imodzi imene anatumidwa m'mawa uja, ndipo pa zaka zonsezi sanasiyepo ntchito ya mpingo ili yosamaliza.

"Munandituma kuti ndikamuuze mwamuna wa mayi uja kuti mukumufuna," anatero. "Ndamupeza. Wakhala pampando umenewo. Lankhulani naye, bambo, ine ndigoneko."

Anatembenukira kukhoma, mosamala kuti asagonere mbali ya kumanzere, n'kutseka maso.